Kabati, furiji, pampu kapena kabotolo kakang'ono: njira yodalirika yosungira vinyo ndi iti?

M'chaka cha 2010, akatswiri osambira pansi pa madzi anapeza mabotolo 168 a vinyo wathovu wa Champagne m'sitima imene inamira kalekale pafupi ndi zilumba za Åland, m'nyanja ya Baltic. Mabotolowo anali atakhala pansi pa nyanja zaka pafupifupi 170, pamalo akuya mamita 50, ndipo ena mwa iwo atatsegulidwa anapezeka kuti vinyoyo anali womweka ndithu, ngakhale kuti thovu lake linali litatha mphamvu. Panalibe munthu wowasamalira zaka zonsezo. Chimene chinawasunga ndi malo amene anagonawo, chifukwa kunali mdima wandiweyani, kuzizira kosasinthasintha, bata lopanda chowagwedeza, komanso madzi amene sanalole kuti zitsekerero ziume. Munthu wosunga vinyo kunyumba amakhala akuyesa kutsanzira zinthu zomwezi ndi zipangizo zimene ali nazo, kaya akudziwa kaya sakudziwa.

Pa nkhaniyi pali mafunso awiri amene anthu ambiri amawasakaniza. Loyamba ndi la botolo limene silinatsegulidwe, loti liikidwe pati kuti lidikire tsiku lake. Lachiwiri ndi la botolo limene mwamwapo kale matambula awiri, ndipo vinyo wotsalayo simukufuna kumutaya. Botolo losatsegula limaopa kwambiri kutentha, pomwe lotsegula limaopa mpweya, motero malo amene ndi abwino kwa lina angakhale osathandiza kwa linzake.

Tiyambe ndi losatsegula. Vinyo amasungika bwino pamalo amene kutentha kwake kuli pakati pa madigiri 10 ndi 15 a Celsius, ndipo anthu odziwa ntchitoyi amakonda kutchula madigiri 12 kapena 13. N'chifukwa chake makampani a Champagne a mumzinda wa Reims ku France amasungabe mabotolo awo m'migodi yakale ya choko, momwe mumazizira mofanana chaka chonse. Kutentha kumafulumizitsa kusintha kulikonse kumene kumachitika m'botolo, ndipo akatswiri a sayansi amawerengera mwachidule kuti kukakwera ndi madigiri 10, liwiro la kusinthako limawirikiza pafupifupi kawiri. Vinyo amene wakhala milungu ingapo pamalo opitirira madigiri 30 amakhala ngati waphikidwa: fungo la zipatso zatsopano limachoka, ndipo m'malo mwake mumamveka la zipatso zowiritsidwa. Choipa china ndi kutentha kosinthasintha. Vinyo akatenthedwa amafutukuka n'kukankha chitsekerero, akazizira amabwerera n'kukoka mpweya wakunja, ndipo zimenezi zikamachitika usana ndi usiku, botolo limakhala ngati likupuma. Kabati imene imakhala pa madigiri 18 chaka chonse ndi yabwino kuposa chipinda chimene chimafika pa 12 usiku n'kukwera kufika pa 28 masana.

Malo oipitsitsa ndi amene anthu ambiri amawasankha, kukhitchini, makamaka pamwamba pa furiji kapena pafupi ndi chophikira. Ine zimenezi ndinaziphunzira mochedwa. Botolo lina limene ndinalandira monga mphatso ndinaliimika pamwamba pa furiji kuti lizioneka bwino, osaganiza kuti furiji imatulutsa kutentha kwake kumbuyo ndipo kutenthako kumakwera m'mwamba. Patapita miyezi, ndinapeza kuti chitsekerero chatukuka pang'ono, ndipo pakhosi pa botolo panali kamzere komata ka vinyo amene anatuluka n'kuumira pomwepo. Nditathira m'tambula, m'mphepete mwake munali mtundu wa njerwa m'malo mwa kufiira kowala, ndipo pakamwa ankamveka ngati jamu wopsereza. Mukaona kamzere kotere pa botolo limene mukufuna kugula, lisiyeni.

Njira yosafuna ndalama ndi kabati ya m'kati mwa nyumba, yotalikirana ndi zenera ndiponso ndi khoma limene limawombedwa ndi dzuwa, makamaka shelefu yapansi, poti mpweya wozizira umakhala pansi. Mabotolo akasiyidwa m'katoni imene anabweramo amatetezeka ku kuwala, ndipo katoniyo imachedwetsanso kusintha kwa kutentha. Kwa vinyo amene mukufuna kumumwa chaka chisanathe, njira imeneyi ndi yokwanira, ndipo kunena zoona vinyo wambiri wogulitsidwa padziko lapansi anapangidwa kuti amwedwe m'chaka chimodzi, ziwiri kapena zitatu. Maganizo akuti vinyo aliyense amakoma akamakalamba apangitsa anthu ambiri kusunga zaka khumi botolo limene linali pachimake tsiku limene analigula.

Furiji ya zakudya imaoneka ngati yankho losavuta, ndipo kwa milungu ingapo kapena miyezi iwiri kapena itatu ilibe vuto lililonse. Kumalo otentha kwambiri ndi bwino ndithu kuika botolo m'furiji kusiyana ndi kulisiya m'chipinda chotentha. Vuto lake limabwera nthawi ikatalika. M'furiji mumazizira madigiri 3 mpaka 5, mpweya wake ndi wouma, ndipo injini yake imanjenjemera nthawi ndi nthawi. Chitsekerero cha khungwa la mtengo lotchedwa cork chimafuna chinyontho cha pakati pa 60 ndi 70 peresenti, ndipo chikauma chimafota n'kuyamba kulowetsa mpweya pamodzi ndi fungo la zinthu zina zimene zili m'furijimo.

Furiji yopangidwira vinyo imathetsa zambiri mwa zimenezi, chifukwa imakhala pa madigiri amene mwaiuza ndipo chitseko chake chagalasi nthawi zambiri chimatchinga kuwala kowononga. Pogula ndi bwino kudziwa kuti zilipo za mitundu iwiri. Zokhala ndi kompresa, injini yoziziritsa yonga ya furiji wamba, zimachita phokoso pang'ono koma zimalimbana ndi kutentha kwa kunja. Zopanda kompresa zimakhala zachete, koma zimangotha kutsitsa kutentha ndi madigiri owerengeka kuchokera pa mmene chipinda chilili, motero m'chipinda chotentha zimagwira ntchito usana ndi usiku osafika pamene mukufuna. Ine ndimaona kuti furiji yotere ndi yoyenera kwa munthu amene ali ndi mabotolo ambiri oti akhale zaka zisanu kapena kuposerapo. Amene amagula botolo Lachisanu n'kulimwa Loweruka, ndalama imeneyo angachite bwino kugulira vinyo wabwinopo. Chipinda chapansi pa nyumba chimaposa zonsezi kwa amene ali nacho, bola chikhale chozizira ndiponso chopanda penti, mafuta kapena mankhwala onunkha.

Funso loti botolo ligone kapena liime limadalira chitsekerero. Cork ndi khungwa la mtundu wina wa mtengo wa oak, limene limasendedwa kamodzi pa zaka 9 zilizonse, ndipo pafupifupi theka la cork wa padziko lonse amachokera ku Portugal. Botolo lotsekedwa ndi cork limagonekedwa kuti vinyo azikhudza chitsekererocho, ndipo umenewu ndi mwambo wakalekale wa anthu osunga vinyo kwa zaka zambiri. Botolo la chitsekerero chachitsulo chopotokola likhoza kuima mmene mungafunire. Ena amachinyoza chitsekerero chimenechi poganiza kuti ndi cha vinyo wotsika, koma alimi a mphesa za Riesling a ku Clare Valley ku Australia anachisankha pamodzi m'chaka cha 2000 atatopa ndi cork wowononga vinyo, ndipo anzawo a ku New Zealand anatsatira chaka chotsatira. Cork woipa amakhala ndi mankhwala otchedwa TCA, amene amachititsa vinyo kununkha ngati katoni yonyowa. Vuto limeneli limachokera kufakitale, ndipo kasungidwe kabwino sikalichiritsa.

Za kuwala n'zachidule. Dzuwa ndi magetsi ena owala kwambiri zimawononga msanga vinyo woyera, wapinki ndi wathovu, makamaka amene ali m'botolo loonekera mkati, moti amayamba kununkha ngati kabichi wowiritsa. Galasi lobiriwira limateteza pang'ono, lakuda kapena lofiirira limateteza kwambiri, koma mdima umaposa onse.

Tsopano botolo latsegulidwa. M'mpweya umene timapuma muli okosijeni wokwana 21 peresenti, ndipo akangokhudzana ndi vinyo ntchito yake imayamba. Poyamba amathandiza, n'chifukwa chake vinyo wofiira waukali amafewa akakhala kanthawi m'tambula. Kenako amayamba kuwononga. Gawo lina la mowa umene uli mu vinyo limasanduka mankhwala otchedwa acetaldehyde, amene fungo lake limafanana ndi la apozi amene wadulidwa n'kusiyidwa mpaka kuderako. Masiku akamapita, mabakiteriya okonda mpweya amasandutsa mowawo kukhala viniga, monga mmene Louis Pasteur, wasayansi wa ku France, anasonyezera pa kafukufuku wake wa matenda a vinyo amene anasindikizidwa mu 1866. Opanga vinyo amathiramo salifa pang'ono kuti achedwetse zimenezi, koma salifayo amatha mphamvu botolo likatsegulidwa. Vinyo wowonongeka ndi mpweya sadwalitsa munthu, amangosukuluka kenako n'kusasa.

Apa pali masamu aang'ono amene amafotokoza nkhani yonse. Botolo wamba limalowa mamililita 750. Mukamwa theka, m'botolomo mumatsala mamililita 375 a mpweya, ndipo mwa amenewo pafupifupi 80 ndi okosijeni. Mukatseka ndi chitsekerero, okosijeni ameneyo mwamutsekera mkati pamodzi ndi vinyo wanu. Choncho botolo limene mwangothirako tambula imodzi limakhalitsa kuposa limene latsala ndi tambula imodzi pansi, ndipo njira iliyonse iyenera kufunsidwa mafunso awiri: ikuchotsa mpweya wochuluka bwanji, nanga ikuchedwetsa bwanji ntchito ya umene watsalawo.

Kungotseka n'kusiya botolo patebulo ndi njira yofooka kuposa zonse. Vinyo wofiira wamphamvu angapirire tsiku limodzi kapena awiri, koma m'nyengo yotentha ngakhale pamenepo safika. Kutseka n'kuika m'furiji kumasintha zinthu kwambiri, chifukwa kuzizira kumachedwetsa okosijeni ndi mabakiteriya omwe. Vinyo woyera ndi wapinki amakhala bwino masiku atatu mpaka asanu, ndipo amene ali ndi asidi wambiri, monga Riesling, nthawi zina amafika sabata. Wofiira nayenso amakhala masiku atatu mpaka asanu, ndipo wa mphesa za makoko okhuthala monga Cabernet Sauvignon amapirira kuposa wopepuka monga Pinot Noir, poti mankhwala a tannin ochokera m'makoko, amene amaumitsa lilime aja, amayamba ndiwo kulimbana ndi okosijeni. Anthu ambiri amazengereza kuika vinyo wofiira m'furiji poti anamva kuti samwedwa wozizira. Kumwa ndi kusunga n'zosiyana. Muikeni m'furiji, ndipo mumutulutse patatsala theka la ola kuti mumumwe. Botolo lotsegula liziima chilili, chifukwa likagona vinyo amayalika ndipo malo okhudzana ndi mpweya amakula.

Njira imene ine ndimaiika patsogolo pa zonse ndi ya kabotolo kakang'ono, ngakhale kuti palibe amene amaitsatsa poti palibe chogulitsa. Pezani botolo lagalasi la mamililita 375 kapena locheperapo, la chitsekerero chopotokola, ndipo mulitsuke bwino kuti lisakhale ndi fungo. Mukangotsegula botolo lalikulu, musanathire n'komwe m'tambula, tsanulirani m'kabotolomo vinyo amene mukudziwa kuti simumumwa lero, mwapang'onopang'ono motsetsereka m'mbali kuti asachite thovu, mpaka adzaze kufika pakamwa penipeni. Tsekani mwamphamvu n'kuika m'furiji. Mukatembenuza kabotoloko, muona kuti kathovu ka mpweya kamene katsala n'kakang'ono ngati nsonga ya chala. Vinyo wosungidwa chonchi amatha sabata yathunthu ali bwino, nthawi zina kuposerapo. Chinsinsi chake n'kutsanula poyamba, osati usiku pamene botolo lakhala kale maola anayi lili chitsegulire. Nzeru yotchinga vinyo kuti asakhudzane ndi mpweya ndi yakale ndithu: botolo la Aroma limene linafukulidwa m'manda pafupi ndi Speyer ku Germany mu 1867, la m'zaka za m'ma 300, likadali ndi madzi ake mkati chifukwa pamwamba pa vinyo anathirapo mafuta a maolivi n'kumata pakamwa ndi phula.

Pampu yokoka mpweya ndi chipangizo chotchuka kwambiri, chimene Bernd Schneider wa ku Netherlands anayamba kugulitsa mu 1986 pa dzina la Vacu Vin. Mumaika chitsekerero cha labala, n'kupopa mpaka kumveka kulira kwa kachitsulo. Ubwino wake ndi woti n'chosavuta ndipo chimakhalitsa. Koma pampu yamanja sichotsa mpweya wonse, ndipo labala ikakalamba imalowetsanso mpweya usiku womwewo, moti m'mawa mukamatsegula simumvanso kamluzu ka mpweya wolowa. Ena amadandaulanso kuti pampu imakoka ndi fungo labwino lomwe, makamaka la vinyo woyera wonunkhira. Ine ndimaiona ngati chothandizira furiji, chowonjezera tsiku limodzi kapena awiri. Amene amapopa n'kusiya botolo patebulo poganiza kuti wamaliza ntchito, amadzinamiza yekha.

Njira ya gasi imachita zosiyana ndi pampu, chifukwa m'malo mokoka mpweya imaupitikitsa. M'kachitini kopepuka ngati kopanda kanthu mumakhala argon, kapena argon wosakaniza ndi naitrojeni ndi kaboni dayokisaidi, ndipo mumapopera m'botolo kudzera m'kapaipi musanatseke. Argon ndi wolemera kuposa mpweya wamba ndipo sasintha kakomedwe ka vinyo. Anthu amakonda kunena kuti amayala bulangete pamwamba pa vinyo, koma magasi amasakanikirana pakapita nthawi, choncho phindu lenileni limadalira kuchuluka kwa okosijeni amene wathamangitsidwa ndiponso kutseka msanga. Ikachitidwa bwino pamodzi ndi furiji, njirayi imasunga vinyo sabata imodzi kapena kupitirira, ndipo ndimaikhulupirira kuposa pampu. Kuipa kwake n'koti kachitini kakatha muyenera kugula kena.

Chipangizo cha Coravin, chimene Greg Lambrecht wa ku America anayamba kugulitsa mu 2013, chili m'gulu lakelake, chifukwa botolo silitsegulidwa n'komwe. Mwiniwakeyo ankapanga zipangizo zachipatala, ndipo nzeru yake inachokera kumeneko. Singano yopyapyala yobowoka mkati imalasa cork, argon amalowa, vinyo amatuluka kudzera m'singano yomweyo, ndipo mukaizula cork amadzitseka yekha. Vinyo wotsalayo amatha miyezi yambiri, ngakhale zaka, osasintha kwenikweni. Pa kusunga, palibe njira ina yofanana nayo. Koma chipangizochi n'chokwera mtengo, timabotolo ta argon timatha msanga, chitsekerero chapulasitiki sichidzitseka chikalasidwa, ndipo cork wakale wofumbutuka sadalirika. N'choyenera kwa malo ogulitsira vinyo pa tambula, kapena kwa munthu amene ali ndi mabotolo amtengo wapatali amene akufuna kuwalawa pang'onopang'ono. Kuchigwiritsa ntchito pa vinyo wa tsiku ndi tsiku n'kuwononga gasi.

Munthu amene amamwa tambula imodzi yokha madzulo angachite bwino kuganizira vinyo wa m'katoni, amene ambiri amamuderera. Thomas Angove wa ku Renmark ku South Australia ndiye anayambitsa njirayi mu 1965, ndipo poyamba anthu ankadula ngodya ya thumba n'kuitseka ndi chopanira, kampopi kasanaikidwepo. Mphamvu yake ili pa thumba lamkatilo, limene limafwafwanizika vinyo akamatuluka, motero mpweya sulowa kudzatenga malo ake. Katoni ya malita atatu ndi yofanana ndi mabotolo anayi, ndipo ikatsegulidwa imakhala milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi, makamaka m'furiji. Chodabwitsa n'chakuti isanatsegulidwe imagonja kwa botolo, chifukwa pulasitiki imalowetsa okosijeni pang'onopang'ono, ndipo n'chifukwa chake pakatoni pamalembedwa tsiku loti vinyoyo akhale atamwedwa.

Vinyo wathovu ali ndi malamulo ake. M'botolo la Champagne muli mphamvu ya gasi yoposa ya mpweya wotizungulira kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, ndipo chimene mukufuna kusunga ndi gasi ameneyo. Pampu apa ndi yoletsedwa, poti ingakoke thovu lomwelo. Chofunika ndi chitsekerero chachitsulo chokhala ndi zogwirira zimene zimakola pakhosi pa botolo, komanso furiji, chifukwa gasi amakhazikika m'madzi ozizira. Mukatero mukhala ndi tsiku limodzi mpaka atatu, ndipo Champagne amapirira kuposa Prosecco, amene thovu lake ndi locheperapo mphamvu. Za kulowetsa supuni pakamwa pa botolo, zimene ena amati zimasunga thovu, n'zongokamba. Thovu likapezeka m'mawa, ndi furiji imene yagwira ntchito.

Vinyo wowonjezeredwa mowa waukali, amene mphamvu yake imakhala pakati pa 15 ndi 22 peresenti, amasokoneza anthu chifukwa mitundu yake imasiyana kutalitali. Lamulo lothandiza ndi lakuti vinyo amene anakulira mu mpweya saopanso mpweya. Port wa mtundu wa tawny, amene anakhala zaka m'migolo, amatha mwezi kapena kuposerapo atatsegulidwa, pomwe Port wa vintage, amene anaikidwa m'botolo atakhala m'migolo zaka ziwiri zokha, amafooka m'masiku awiri kapena atatu. Sherry wa Fino wa ku Jerez ku Spain amakulira pansi pa nkhungu ya yisiti imene imamutchinga ku mpweya, choncho akatsegulidwa amafuna furiji ndipo sapitirira sabata, pomwe Sherry wa Oloroso amakhala milungu ingapo. Wopirira kuposa onse ndi Madeira, amene amatenthedwa dala kufika madigiri 45 mpaka 50 kwa miyezi itatu, kapena kusiyidwa zaka m'zipinda zofunda zapamwamba, potsanzira zimene zinkachitikira migolo m'sitima zodutsa m'nyanja zotentha. Zonse zimene zimawononga vinyo wina iye anazilandira kale, ndipo botolo lake lotsegula limatha miyezi yambiri m'kabati.

Masiku onse atchulidwawa ndi ongokuthandizani kuyerekeza, ndipo woweruza weniweni ndi mphuno ndi lilime lanu. Thirani pang'ono m'tambula n'kuyang'ana pa pepala loyera. Wofiira akayamba kuderako, kapena woyera akayamba kuoneka ngati tiyi wopanda mkaka, ndiye kuti mpweya wapita naye patali. Akamanunkha viniga kapena mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, nthawi yake yatha. Amene wangosukuluka koma sanasase akhoza kuumitsidwa m'timabokosi ta ayezi kuti adzagwire ntchito pophika. Musaike botolo lathunthu mufiriza, chifukwa vinyo akauma amafutukuka n'kukankha chitsekerero kapena kuswa galasi.

Pali mtundu umodzi wa botolo umene njira zonsezi zimaulephera, kupatula mwina singano ija. Vinyo wofiira amene wakhala zaka 20 kapena 30 amakhala atagwiritsa kale ntchito zonse zomuteteza, ndipo akatsegulidwa fungo lake labwino likhoza kuzimirira pa ola limodzi kapena awiri. Botolo lotere liimikeni tsiku lathunthu kuti nsenga zikhazikike pansi, mulitsegule anthu oti amwe atakhala kale pansi ndi matambula awo, ndipo mulithe usiku womwewo.